Munthu Mmodzi, Dzina Limodzi: Kutsegula Mafayilo a Kuofesi Uli Kutali

Nkhani ya lero ingamveke ngati ya akatswiri a makompyuta okha, koma ikukhudza mayi wopita kusikelo, mwana woyembekezera zotsatira za mayeso, ndi agogo amene dzina lawo lili m'kaundula wa Mtukula Pakhomo. Funso lathu ndi ili: wantchito wa ku Lirangwe angatsegule bwanji mafayilo osungidwa ku likulu mu mzinda wa Blantyre osakwera minibasi, ndipo makinawo angadziwe bwanji kuti wotsegulayo ndi iyeyodi? Mfundo imene ndikufuna mutsale nayo ndi imodzi. Wantchito aliyense akhale ndi dzina lakelake lolowera m'makina, dzina limodzi lomutsegulira zonse zoyenera ntchito yake, ndipo asabwereke munthu wina. Tiyamba ndi mmene zinthu zikuyendera panopa, kenako tiona mmene njira imeneyi imagwirira ntchito, ndipo pomaliza tiyankha amene akuikayikira.

Tiyambe ndi zimene tonse timaziona. Mwezi ukatha, chipatala chaching'ono chimayenera kutumiza lipoti ku ofesi ya zaumoyo ya boma, sukulu imatumiza chiwerengero cha ana kwa mlangizi wa zamaphunziro, ndipo mlangizi wa zaulimi amatumiza mayina a alimi. Malipotiwa amayenda m'njira zitatu. Ena amanyamulidwa pamanja, munthu n'kukwera minibasi pa msewu wa M1 kudutsa pa Lunzu, tsiku lonse la ntchito n'kuthera paulendo. Ena amayenda pa fulashi imene imalowa m'kompyuta iliyonse, n'kumatola mavairasi ndi kuwafalitsa. Ena amajambulidwa n'kutumizidwa pa WhatsApp, ndipo amakakhala m'mafoni a anthu ambiri, pamodzi ndi zithunzi za ukwati ndi za maliro. Zotsatira zake n'zodziwika. Fayilo imodzi imabala ana asanu, aliyense wosiyana pang'ono ndi mnzake, ndipo pamsonkhano anthu amakangana kuti yoona ndi iti. Wantchito akasamutsidwa, mafayilo amasamuka naye m'laputopu yake. Foni ikabedwa pamsika, mayina a odwala kapena a olandira thandizo amapita m'manja mwa wakuba. Palibe amene anachita kufuna kuti zikhale chonchi, koma umu ndi mmene zimathera ngati ofesi ilibe malo amodzi osungirako zolemba zake.

Tsono malo amodziwo ndi chiyani? Akatswiri amawatcha seva. Ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga mafayilo ndi kuwapereka kwa makompyuta ena akawapempha. Ikhoza kukhala m'chipinda chotsekedwa cha ofesi ya boma, kapena m'nyumba yapadera ngati malo osungirako uthenga wa boma amene anatsegulidwa ku Blantyre mu 2022. Fayilo ikakhala pa seva, imakhala imodzi basi. Wa ku Chileka akakonza dzina lolakwika m'mawa, wa ku likulu akaitsegula masana apeza lokonzedwa kale. Ndipo si aliyense amene amaloledwa kuchita chilichonse: wina amangowerenga, wina amalemba, wina saiona n'komwe. Zimenezi si zachilendo kwathu kuno. Kuyambira mu 2001, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ongodina pagalasi m'zipatala, kuyambira pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ambiri mukukumbukira kapepala ka mizeremizere komatidwa pa buku la kuchipatala. Unduna wa zaumoyo nawo umasonkhanitsa malipoti a maboma onse kudzera m'pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa DHIS2. Choncho maziko alipo kale. Chimene chatsala ndi kufikitsa mwambo womwewo ku mafayilo a tsiku ndi tsiku: makalata, ndondomeko za ndalama, mindandanda ya mayina.

Tsopano tifike pa mawu akuti kutali. Seva ikakhala mu mzinda, inu muli ku Lirangwe, uthenga wanu umadutsa pa intaneti, ndipo intaneti ndi njira ya aliyense. Pali njira ziwiri zimene maofesi amatetezera ulendo umenewu. Yoyamba imatchedwa VPN. Kompyuta yanu ndi ya kuofesi zimagwirizana kubisa uthenga wonse umene zikutumizirana, moti wina woutchera pakati amangoona zilembo zopanda tanthauzo, ndipo kompyuta yanuyo imagwira ntchito ngati ili m'kati mwa ofesi. Yachiwiri ndi kutsegula mafayilo kudzera pa tsamba lotetezedwa la pa intaneti, monga mmene ena amalowera ku akaunti yawo ya kubanki. Chosayenera kuchita ndi kungosiya seva poyera kuti aliyense wa pa intaneti aifikire. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko ambiri kudzera pa chofooka cha njira yogawanirana mafayilo ya makompyuta a Windows amene sanakonzedwe pa nthawi yake. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta anali atatsekeka. Ngati zinachitika kumene kuli ndalama ndi akatswiri ochuluka, ifenso tiyenera kutchera khutu.

Koma kubisa uthenga panjira ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo, limene ndi mutu wa pulogalamu yathu, ndi kudziwa amene akulowa. Taganizirani wantchito amene ali ndi pasiwedi yotsegulira kompyuta, ina ya imelo, ina ya malipoti, inanso ya mafayilo. Mutu wa munthu susunga zonsezi. Mapeto ake amazilemba pakapepala n'kumata pakhoma, kapena amasankha chaka chake chobadwa n'kuchigwiritsa ntchito paliponse. Njira yabwino ndi yakuti ofesi ikhale ndi kaundula mmodzi wa antchito ake m'makina. M'kaundulamo muli dzina la munthu aliyense, ntchito yake, ndi zimene akuloledwa kutsegula. Mapulogalamu ena onse sasunganso mapasiwedi awoawo, amangofunsa kaundula uja kuti, kodi munthu uyu mukumudziwa? Inu a ku Chileka mukudziwa bwino mmene zimakhalira pa bwalo la ndege. Wantchito amavala chiphaso chokhala ndi chithunzi chake. Chiphasocho chimamulowetsa m'malo a ntchito yake okha, ndipo akasiya ntchito amachibweza. Sapatsidwa chiphaso china pa chitseko chilichonse, komanso sabwereka mnzake. M'makina ndi chimodzimodzi. Mukatsimikizira kuti ndinu ndani m'mawa, mumapatsidwa chilolezo chogwira ntchito kwa maola owerengeka, kenako chimatha mphamvu chokha.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndipo inayesedwa mokwanira. Inakhwima m'zaka za m'ma 1980 pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, kumene anapanga njira yotchedwa Kerberos. Kampani ya Microsoft inaitenga n'kuiika m'kaundula wake wotchedwa Active Directory, amene mabanki ndi makampani ambiri amagwiritsa ntchito lero. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Samba imene imagwira ntchito yofananayo, choncho ofesi yaing'ono siingadzikhululukire ponena kuti zonse n'zogula. Chitsanzo chapafupi tili nacho m'masukulu a ukachenjede. Pali dongosolo lotchedwa eduroam, limene m'dziko muno limayendetsedwa ndi bungwe la MAREN lolumikiza masukuluwa. Wophunzira akapita pa sukulu ina imene ili m'dongosololi, kaya ndi mu Malawi muno kaya ku South Africa, amalowa pa intaneti ndi dzina lomwe lija la ku sukulu yake. Sukulu yochereza mlendoyo sisunga pasiwedi yake. Imangofunsa kwawo ngati akumudziwa, ndipo yankho limabwera nthawi yomweyo. Ngati wophunzira angadziwike chonchi kunja kwa dziko, palibe chifukwa choti namwino wa ku Chileka alephere kudziwika ndi makina a ofesi yake ya ku Blantyre.

Omvera, ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana zotsegula mafayilo a kuofesi uli kutali, ndipo mfundo yathu ndi yakuti munthu mmodzi akhale ndi dzina limodzi lolowera, losabwereketsa. Tsopano ndifike pa chifukwa chachikulu chimene ndikulimbikira mfundoyi. Phindu loyamba limene anthu amaona ndi kusavutika ndi mapasiwedi ambiri, koma lalikulu kuposa pamenepo ndi lakuti chochitika chilichonse chimakhala ndi mwini wake. Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pamene anthu khumi akulowa ndi dzina limodzi la ofesi, dzina la mayi wamasiye likachotsedwa pa mndandanda wa olandira thandizo, palibe amene angalozedwe, ndipo wosalakwa amakayikiridwa pamodzi ndi wolakwa. Tonse tikukumbukira nkhani ya Cashgate ya mu 2013. Ndalama za boma zinkalipiridwa kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense kudzera m'makina a zachuma otchedwa IFMIS, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Akatswiri ofufuza za ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti pa miyezi isanu ndi umodzi yokha panasowa ndalama zoposa K13 biliyoni. Zina mwa zofooka zimene zinatchulidwa ndi kubwerekana mapasiwedi komanso anthu kukhala ndi mphamvu m'makina zoposa ntchito yawo. Makina paokha saletsa anthu kupangana zakuba, koma pamene aliyense akudziwa kuti dzina lake, tsiku ndi ola zikulembedwa pamalo amene sangafufute, wakuba amasowa pobisala ndipo woona mtima amakhala ndi mboni.

Phindu linanso limaoneka tsiku limene munthu wasiya ntchito. M'boma anthu amasamutsidwa, amapuma, ena amachotsedwa. Ngati mayina awo ali m'mapulogalamu asanu osiyana, woyang'anira makompyuta amatseka awiri n'kuiwala atatu, ndipo makomo oiwalikawo ndi amene akuba amafunafuna. Mu Meyi 2021, kampani ya Colonial Pipeline, imene imayendetsa mafuta a galimoto ndi a ndege m'mapaipi kum'mawa kwa America, inaimitsa ntchito kwa masiku angapo ndipo anthu anaima pamizere yaitali m'malo omwetsera mafuta. Akuba a pa intaneti analowa kudzera pa akaunti yakale ya VPN imene sinkagwiritsidwanso ntchito koma sinatsekedwe, ndipo inkangofuna pasiwedi yokha. Pamene pali kaundula mmodzi, munthu akachoka amatsekedwa pamalo amodzi, ndipo makomo onse amatsekeka pa ola lomwelo.

Tsopano timve okayikira, chifukwa mafunso awo ndi a nzeru. Woyamba akuti: ngati dzina limodzi likutsegula zonse, ndiye wakuba akaliba watenganso zonse. Mantha amenewa ali ndi maziko. Mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowereredwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo Amalawi sankatha kulandira mapasipoti. Chinthu chimene onse akudalira chikaima, onse amaima. Koma yankho si kubwerera ku mapasiwedi khumi ofooka. Yankho lili patatu. Choyamba, pasiwedi isamayende yokha. Pakhale umboni wachiwiri, monga nambala yobwera pa foni yanu. Zimenezi mumazidziwa kale: kuti mutape ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, pamafunika simukhadi yanu komanso nambala yanu yachinsinsi. Chachiwiri, dzina limodzi silitanthauza kutsegula zonse. Mlembi wa pasukulu aone za sukulu yake yokha, choncho dzina lake likabedwa, chowonongeka chimakhala chochepa. Chachitatu, mafayilo onse akhale ndi kope lina losungidwa kwina, losalumikizidwa ku makina a tsiku ndi tsiku, ndipo lizichita kuyesedwa ngati likutseguka.

Wachiwiri akuti: zonsezi n'za m'tauni, kuno magetsi amathimathima, netiweki imavuta, bandulo ndi yodula. Iyenso akunena zoona. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala ndi magetsi osakwanira kwa nthawi yoposa chaka. Koma taonani zinthu ziwiri. Pali mapulogalamu amene amasunga kope la mafayilo anu pa kompyuta yanu, inu n'kumagwira ntchito ngakhale netiweki palibe, ndipo ikabwera amatumiza okha zimene mwasintha. Komanso lipoti la mawu ndi manambala ndi lopepuka kwambiri poyerekeza ndi kanema mmodzi wa pa WhatsApp. Laputopu ndi kachipangizo ka intaneti zikhoza kuyendera sola yaing'ono. Mtengo wa bandulo uyerekezedwe ndi mtengo wa minibasi yopita ndi kubwera ku Blantyre, kuphatikizapo tsiku limene odwala kapena ana a sukulu akhala opanda wowathandiza. Ndipo bandulo ya ntchito ndi udindo wa wolemba ntchito, isachoke m'thumba la mlangizi. Tikumbukirenso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera. Madzi otere sasankha pepala lofunika ndi losafunika. Zolemba zimene zili ndi kope kutali ndizo zimapulumuka.

Wachitatu akuti: ife timakhulupirirana, ndipo kukana kupatsa bwana kapena mnzako pasiwedi ndi mwano. Apa ndi pamene pali chovuta chenicheni, chifukwa si cha makina koma cha chizolowezi. Bwana akamapita kumsonkhano amasiyira mlembi wake pasiwedi kuti ntchito isaime. Pachipatala pamene pali kompyuta imodzi, woyamba kufika amalowa ndi dzina lake, ena onse n'kumagwirira pomwepo mpaka madzulo. Cholinga chake n'chabwino, koma taganizirani zotsatira zake. Chilichonse chimene wachita mnzanu ndi dzina lanu chalembedwa kuti mwachita ndinu, ndipo tsiku la kafukufuku mudzayankha nokha. Palibe amene amasainira mnzake cheke chopanda kanthu chifukwa cha ulemu. Njira yoyenera ilipo: bwana akachoka, wotsalira apatsidwe mphamvuzo pa dzina lake lomwe kwa masiku owerengeka, ndipo zidzatha zokha bwana akabwera. Pa kompyuta yogawana, aliyense atuluke akamaliza kuti mnzake alowe ndi dzina lake. Atsogoleri ndiwo ayenera kuyamba, chifukwa wamng'ono sangakane pempho la wamkulu ngati lamulo la ofesi silimuikira kumbuyo.

Wachinayi akufunsa funso limene likukhudza inu nonse amene simugwira ntchito muofesi: kodi zinsinsi zathu zikaunjikidwa pamalo amodzi, si ndiye kuti ambiri aziziona? Funsoli n'lolemera, makamaka pa nkhani za matenda. Koma yerekezani njira ziwirizi. Pepala likakhala patebulo, wodutsa aliyense akhoza kuliwerenga osasiya phazi. Chithunzi cha lipoti chikalowa m'gulu la WhatsApp, palibe amene angachibwezenso. Pomwe pa seva yoyendetsedwa bwino, wosaloledwa saona kanthu, ndipo wololedwa akatsegula zimalembedwa. Malamulo nawo alipo. Pali lamulo la mu 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, limene limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo. Palinso lamulo la mu 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu, limene linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Ofesi yosunga dzina lanu, nambala ya chiphaso chanu cha unzika kapena mbiri ya matenda anu ili ndi udindo woziteteza. Ndipo singakwaniritse udindowo ngati sidziwa kuti ndani akutsegula chiyani.

Nanga ofesi yaing'ono, kaya ndi sukulu, parishi, kopaletivi ya alimi kapena bungwe la m'dera, iyambire pati? Isayambe ndi kugula makina. Iyambe ndi kukhala pansi n'kulemba mafayilo amene ili nawo, kumene akusungidwa lero, ndi amene akuyenera kuona iliyonse. Kenako ilembe antchito onse ndi ntchito zawo, ndipo isankhe anthu awiri, osati mmodzi, oyang'anira kaundula, kuti wina akadwala kapena kuchoka ofesi isakhale yotsekeredwa kunja kwa zinthu zake. Mafayilo akhale pa akaunti ya bungwe, osati pa imelo ya munthu. Pasiwedi ikhale yaitali, ya mawu angapo osagwirizana amene inu nokha mungakumbukire, osati dzina la mwana wanu. Wina akakuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa kulikulu ndipo akufuna pasiwedi kapena nambala imene yangobwera pa foni yanu, dulani, chifukwa woyang'anira makina weniweni safuna zimenezo kuti agwire ntchito yake. Ndipo tsiku limene munthu watsanzika pantchito, dzina lake litsekedwe tsiku lomwelo.

Omvera, nthawi yathu yatsala pang'ono. Ndikusiyireni mafunso oti mukambirane kunyumba kapena kuntchito mawa. Kodi ndi anthu angati amene akudziwa pasiwedi yanu lero? Kodi amene anachoka pa ofesi yanu chaka chatha angathebe kutsegula mafayilo anu? Laputopu ya kuofesi itabedwa usiku uno, ndi zolemba ziti zimene zingatayikiretu? Ndipo inu amakomiti a sukulu, a zaumoyo ndi a chitukuko cha m'mudzi, kodi munafunsapo kuti mayina a anthu anu akusungidwa kuti, ndipo akuwaona ndani? Muli ndi ufulu wofunsa. Ndibwereze mfundo yathu komaliza: mafayilo akhale pamalo amodzi otetezedwa, wantchito awafikire ali kumene anthu akumufuna, ndipo aliyense alowe ndi dzina lakelake, limodzi, losabwereketsa. Zikatero, ntchito imafulumira, wolakwa amadziwika, ndipo wosalakwa amatetezeka.